Galimoto ikamawira dzuwa likatentha

Dzuwa likayamba kuswa mtengo, magalimoto ambiri amene ankayenda bwinobwino m'miyezi yozizira amayamba kuvuta. Muvi wa geji ya kutentha umene unkakhala phee pakati umayamba kukwera pang'onopang'ono, makamaka pamzere wa magalimoto kapena pachitunda, mpaka tsiku lina mumangoona nthunzi ikufuka kunsi kwa boneti. Ambiri amangoti ndi dzuwa. Dzuwalo lili ndi gawo lake ndithu, koma galimoto inapangidwa kuti izipirira kutentha koposa kumene imakumana nako masiku ambiri. Ikamawira ndiye kuti pali china chimene chinafooka kale, ndipo chilimwe changochiulula.

Mafuta akapsa mu injini, pafupifupi gawo limodzi lokha mwa magawo atatu a mphamvu yake ndi limene limayendetsa matayala. Gawo lina limatuluka ndi utsi ku ekizozi, ndipo lotsalalo limanyamulidwa ndi madzi kupita ku rediyeta kuti mphepo ikalichotse. Madzi a mu injini imene yafunda amakhala pa madigiri pafupifupi 90 a Celsius. Kunja kukakhala pa 20, madziwo amaposa mphepo ndi madigiri 70, choncho amazizira msanga. Kunja kukafika pa 40, kusiyanako kumatsika kufika pa 50, ndipo rediyeta yomweyo imataya mphamvu yake yoziziritsa kuposa gawo limodzi mwa magawo anayi. Ndi nthawi yomweyonso imene timayatsa AC, ndipo kondensa yake, yomwe imataya kutentha kwa AC, imakhala kutsogolo kwa rediyeta, kutanthauza kuti mphepo imafika ku rediyeta itatenthedwa kale. Rediyeta yotsekeka pang'ono, fani yofooka kapena chivundikiro cha rediyeta chakutha zimatha kudutsa nyengo yozizira osadziwika, koma apa zimagwidwa.

Muvi ukakwera muli pamsewu

Zimitsani AC, tsitsani magalasi, ndipo yatsani hita mpaka pamapeto, fani yake ikhalenso pa mphamvu zonse. N'zowawa kuchita zimenezi masana kukutentha, koma hita ndi karediyeta kakang'ono kobisika mkati mwa dashibodi, ndipo kamachotsako kutentha kwina mu injini. Ikani dzanja pomwe pakutuluka mpweyapo. Ukamatuluka wotentha, madzi akuzungulira, mutha kuyenda pang'onopang'ono mpaka pamalo abwino poimapo. Ukamatuluka wozizira pamene muvi uli pamwamba, madzi achepa kwambiri kapena sakuyenda n'komwe. Apa musaumirire ulendo ngakhale mutatsala pang'ono kufika.

Muvi ukalowa pofiira, nthunzi ikaoneka, mphamvu ikachepa, kapena injini ikayamba kulira ngati tizitsulo tikugundana mukaponda moto, patukani ndi kuzimitsa pompo. Hedi, chigawo chapamwamba chotseka masilinda, pa injini zambiri zamasiku ano ndi ya aluminiyamu, ndipo mphindi zochepa chabe za kutentha kopyola muyezo n'zokwanira kuipinda.

Chivundikiro cha rediyeta musachikhudze injini idakali yotentha. Madzi ali m'katimo amakhala atadutsa madigiri 100 koma sakubwata chifukwa apanikizidwa. Mukangopotokola chivundikirocho amawira nthawi yomweyo n'kukuthovokerani kumaso ndi m'manja, ndipo anthu ambiri apsa koopsa mwa njira imeneyi. Dikirani mphindi zosachepera 30, kenako finyani paipi yaikulu yapamwamba mutaikulunga nsalu. Ikakhala yolimba gwa, dikiranibe. Ikafewa, phimbani chivundikirocho ndi nsalu yokhuthala, potokolani pang'ono kuti mpweya uyambe watuluka, kenako mutsegule. Madzi ozizira musawakhuthulire mu injini yotentha kwambiri, chifukwa chitsulo chikazizira mwadzidzidzi chimang'aluka. Zala ndi zovala zikhalenso kutali ndi fani yamagetsi, popeza pamagalimoto ambiri imatha kudziyatsa yokha makiyi ali m'thumba.

M'mawa injini isanalizidwe

Kufufuza kwenikweni kumachitika injini itazizira. Onani madzi mu rediyeta mwenimwenimo ngati ili ndi chivundikiro chake, osangodalira kabotolo kapambali, chifukwa kabotoloko kamatha kukhala kodzaza rediyeta ili yopereweza. Madzi a mu injini satha okha ngati mafuta. Ngati mukumathira sabata iliyonse, akutuluka penapake.

Siyani katoni pansi pa injini usiku wonse kuti muone pamene pakudontha. Kenako tengani tochi mufufuze zipsera zoyera, zobiriwira kapena zofiirira zimene madzi amasiya akauma: kumapeto kwa mapaipi pomwe pali makilampu, pamsoko pomwe pulasitiki ya rediyeta imalumikizana ndi aluminiyamu, ndiponso kunsi kwa pampu ya madzi, komwe kuli kabowo kamene kamayamba kudontha pampuyo ikamatha. Kapeti wonyowa kumapazi kwa wokhala kutsogolo, fungo lotsekemera m'galimoto ndi galasi lochita nkhungu yamafutamafuta zimaloza ku karediyeta ka hita kaja. Pena pamachucha pokhapokha injini ikatentha, madziwo n'kuuma asanafike pansi. Amakaniko ali ndi kapampu kamanja kamene amamangirira pakamwa pa rediyeta n'kupopa, ndipo pochuchapo pamaonekera injini ili yozizira.

Chivundikiro chomwecho chiyang'aneni bwino, chifukwa anthu amachipeputsa. Madzi wamba amawira pa madigiri 100 kumalo otsika ngati m'mphepete mwa nyanja yamchere, ndipo kumalo okwera amawira asanafike pamenepo. Sipuling'i ya m'chivundikiro imawapanikiza kuti asawire msanga. Pamwamba pake pamalembedwa nambala monga 0.9 kapena 1.1, ndipo chivundikiro cha mphamvu yotere chimachititsa kuti madzi wamba afike pafupifupi madigiri 120 asanawire. Labala wake akang'ambika kapena sipuling'i ikafooka, madzi amawira pa kutentha kumene injini ikanapirira bwinobwino, n'kumathawira m'kabotolo mpaka kusefukira. Chilinso ndi kavalavu kakang'ono pakati kamene kamalola madzi kubwerera mu rediyeta injini ikamazizira. Mukapeza paipi yapamwamba itafinyika yokha m'mawa ngati yayamwidwa, kavalavuko kakanirira. Pogula china, nambala ikhale yofanana ndi imene wopanga galimotoyo analamula. Choposa pamenepo chimaphulitsa mapaipi okalamba.

Onaninso lamba woyendetsa pampu ya madzi. Akakhala wolefuka, wong'alukang'aluka kapena wonyezimira chifukwa choterereka, pampu siizungulira mokwanira.

Imatentha nthawi yanji?

Funso limeneli ndi limene limapulumutsa ndalama, ndipo ndimadandaula kuti ambiri salifunsa. Munthu amasintha thermostat (kachitseko ka madzi a injini), mawa pampu, mkuja rediyeta, vuto lili pomwepo, pamene akanangoyang'anitsitsa muvi masiku awiri akanadziwa koyambira.

Ngati imatentha mukaima kapena mukamayenda pang'onopang'ono, n'kuzizira mukangoyamba kuthamanga, vuto ndi la mphepo. Pothamanga mphepo imadzilowera yokha kutsogolo, koma mukaima ntchito yonse imatsalira fani. Lizani injini, yatsani AC, muone. Pamagalimoto ambiri fani yamagetsi imayamba kuzungulira posakhalitsa AC ikayaka. Ikakhala duu, yambani ndi fyuzi, kenako relay, kaswitchi kamagetsi kamene kamayatsa fani. M'kabokosi ka mafyuzi mumakhala ma relay ofanana, choncho mutha kubwereka wa hutala kwa kamphindi, ngati nambala zake zikufanana, n'kuona ngati fani idzuke. Onaninso pulagi ya mawaya a fani ngati siinapse kapena kuchita dzimbiri. Ikamazungulira ndi AC koma osadziyatsa injini ikatentha, kayikirani sensa kapena switchi imene imaiuza kuti madzi atentha. Magalimoto ena ali ndi mafani awiri kapena fani ya liwiro lapawiri, ndipo mbali imodzi imatha kufa inayo n'kumakunamizani kuti zonse zili bwino.

Magalimoto akuluakulu ndi mapikapu ambiri ali ndi fani yoyendetsedwa ndi lamba, yokhala ndi kilatchi yamafuta pakati pake. Kilatchiyo imayenera kugwira mwamphamvu mphepo yochokera ku rediyeta ikatentha, ndipo mumamva fani ikuwomba mwaukali. Zimitsani injini itatentha, mukankhe phiko limodzi ndi dzanja. Ikazungulira momasuka kangapo isanaime, kilatchi yatha. Mizere yamafuta akuda pakati pa faniyo imanenanso zomwezo. Chipulasitiki chozungulira fani nachonso chili ndi ntchito: chimakakamiza fani kukoka mphepo kudzera mu rediyeta m'malo moikoka m'mbali. Chikasweka ambiri amangochitaya, kenako n'kumadabwa. Ndipo ngati vuto linayamba fani itangosinthidwa, ikani kapepala kutsogolo kwa rediyeta fani ikuzungulira. Kayenera kumamatira. Kakamauluzidwa, mawaya analumikizidwa mosemphanitsa ndipo fani ikukankhira mphepo kutsogolo.

Ngati imatentha pothamanga, pachitunda kapena itanyamula katundu, n'kutsika mukachepetsa liwiro, fani ilibe mlandu. Rediyeta ikulephera kutaya kutentha konse kumene injini ikupanga, kapena madzi sakuyenda mokwanira. Yambani ndi kunja. Pakati pa kondensa ya AC ndi rediyeta pali kampata kopapatiza kamene sikaoneka mukangoyang'ana kutsogolo, ndipo m'menemo mumaunjikana fumbi, njere za udzu, nthenga ndi tizilombo takufa mpaka kupanga chimkeka chotseka theka la rediyeta. Walitsani tochi kuchokera mbali ya injini, wina ayang'ane kutsogolo. Pomwe kuwala sikukudutsa, mphepo siidutsanso. Tsukani ndi madzi oyenda mofatsa kuchokera mbali ya injini kupita kutsogolo, kuti zinyalala zitulukire komwe zinalowera. Madzi amphamvu a makina otsukira magalimoto amagoneka tizitsulo topyapyala tija, vuto n'kukula.

Kutsekeka kwa m'kati kumadziwika chonchi: injini itafunda, izimitseni, chotsani pulagi ya fani, ndipo yendetsani dzanja mosamala pankhope ya rediyeta. Iyenera kukhala yotentha mbali yolowera madzi n'kumazizira pang'onopang'ono kulowera kotulukira. Mukapeza zigawo zozizira pakati pa malo otentha, timapaipi ta pamenepo tatsekeka. Mankhwala otsukira amathandiza ngati dothi lake ndi lochepa, koma rediyeta imene yatsekeka zaka zambiri imafunika kutsegulidwa ndi odziwa kapena kusinthidwa.

Paipi yaikulu yapansi ndi imene pampu imayamwirako madzi. Ikakalamba n'kufewa, imafinyika yokha injini ikathamanga, madzi n'kuchepa panthawi imene akufunika kwambiri. Wina aponde moto inu mukuyang'ana paipiyo chapatali. Pampu nayo imatha kufa osadontha ngakhale pang'ono: timapiko take tachitsulo timadyeka ndi dzimbiri, ndipo tapulasitiki timasweka kapena kumaterereka pachitsulo chake. Chizindikiro chake ndi hita imene imatentha mukaponda moto n'kuzizira mukasiya. Pa injini zambiri pampu imayendetsedwa ndi lamba wa taiming'i, n'chifukwa chake ndi nzeru kusinthira limodzi ziwirizi.

Pali zinanso zimene sizikhudza madzi koma zimalemetsa injini: mabuleki ogwira okha, catalytic converter (choyeretsa utsi cha pa ekizozi) yotsekeka, taiming'i yolakwika, oyilo wochepa, ndi kukwera chitunda pa giya yaikulu injini ikuchita kubuula. Kutsitsa giya kumathamangitsa pampu ndi kupepukitsa injini. Pagalimoto ya otomatiki, oyilo wa giyabokosi kawirikawiri amaziziritsidwa mu rediyeta yomweyo, choncho kukoka ngolo yolemera kumawonjezera moto pamoto.

Ngati muvi umathamangira pamwamba patangopita mphindi zochepa mutaliza injini, kaya mwaima kaya mukuyenda, ganizirani thermostat yokanirira. Kameneka ndi kachitseko kamene kamatsekera madzi mu injini mpaka afunde, kenako n'kuwalola kupita ku rediyeta. Kakakanirira kotseka, injini imawira rediyeta ili yozizira, ndipo paipi imene imachokera pa thermostat mumaipeza yozizira kapena yofunda pang'ono chabe. Kuyesa kwake n'kosavuta. Imangirireni ku kawaya, muilendewetse m'poto wa madzi osakhudza pansi, muikemo choyezera kutentha, n'kuyamba kutenthetsa. Pathupi pake pamadindidwa nambala monga 82 kapena 88. Iyenera kuyamba kutseguka chapamenepo, n'kutsegukiratu madzi akamayandikira kuwira. Ikakana, kapena ikangotseguka pang'ono, isintheni.

Isintheni, musaichotse. Chizolowezi chochotsa thermostat n'kuitaya poganiza kuti kumalo otentha ilibe ntchito chawononga injini zambiri mwakachetechete. Injini yopanda thermostat imachedwa kufunda, ndipo nthawi yonseyo kompyuta imaona ngati kudakali kozizira n'kumathira mafuta ochuluka. Mafuta owonjezerawo amatsuka oyilo m'makoma a masilinda, chinyezi sichiuma mu oyilo, ndipo injini imadyeka msanga. Choipa kwambiri n'chakuti pa injini zambiri thermostat ikamatseguka imatsekanso kanjira kachidule kamene madzi amazungulira m'kati mwa injini osapita ku rediyeta. Mukaichotsa, kanjirako kamakhala kotseguka nthawi zonse, madzi ena n'kumalambalala rediyeta, ndipo galimoto imatentha kuposa kale. Ngakhale pomwe kuchotsako kwaoneka ngati kwathandiza, rediyeta yotsekeka ija idakali yotsekeka.

Zimene mumathira, ndi mmene mumathirira

Madzi wamba amanyamula kutentha bwino kuposa coolant, mankhwala amadzimadzi othira mu rediyeta, n'chifukwa chake ena amati coolant ndi wa kumaiko achisanu okha. Koma ntchito yake siithera pa kuletsa madzi kuundana. Ali ndi mankhwala oteteza chitsulo ndi aluminiyamu ku dzimbiri, ndipo akasakanizidwa theka ndi theka ndi madzi amawira pa madigiri pafupifupi 107 ngakhale popanda chivundikiro. Madzi apampopi kapena apachitsime amasiya zoyerayera zolimba m'timapaipi ta rediyeta, ngati zija zimamatirira pansi pa ketulo, ndipo madzi akamatuluka ofiira ngati dothi ndiye kuti injini ikudyeka m'kati. Pangozi thirani madzi oyera alionse amene mwapeza kuti mufike, koma pambuyo pake akhuthuleni. Osakanizira abwino ndi aja amalembedwa kuti distilled, ndipo samalani kuti musawasokoneze ndi asidi wa batire. Coolant yekhayekha wosasungunula nayenso si wabwino chifukwa sanyamula kutentha mokwanira, pokhapokha botolo litanena kuti ndi wosakaniza kale. Mtundu wake, kaya wobiriwira, wofiira kapena wabuluu, si umboni wodalirika wa zimene zili m'katimo. Tsatirani buku la galimotoyo, ndipo musasakanize ma coolant opangidwa mosiyana chifukwa ena akakumana amapanga phala lotseka rediyeta. Wakale musamusiye poyera: ndi poizoni, ndipo amatsekemera moti ana ndi ziweto amatha kumwa.

Galimoto ikayamba kutentha itangochokera kokonzedwa, kawirikawiri m'kati mwatsalira mpweya. Muvi umakwera ndi kutsika mosadziwika bwino, hita imatentha n'kuzizira, ndipo kuseri kwa dashibodi kumamveka madzi akuyenda. Imikani galimoto mutu uli chokwera, injini itazizira. Tsegulani chivundikiro, ikani hita pa kutentha, thirani pang'onopang'ono, ndipo ngati pali timabawuti totulutsira mpweya titseguleni mpaka patuluke madzi okhaokha. Lizani injini mpaka thermostat itseguke, muzifinya paipi yapamwamba ndi kuwonjezera madzi akamatsika. Mawa lake m'mawa onaninso.

Nthawi zina wabodza ndi geji. Muvi ukakhala pofiira koma injini ikuyenda bwino, madzi sakusefukira ndipo palibe fungo lililonse, yezani ndi kachipangizo kowerenga kompyuta ya galimoto kapena choyezera kutentha cholozetsa chapatali musanamasule chilichonse. Dziwaninso kuti mageji ambiri amasiku ano anapangidwa kuti muvi uzikhala pakati ngakhale kutentha kukusinthasintha ndi madigiri angapo, choncho ukangosuntha kuchoka pamalo ake a masiku onse, zinthu zafika kale patali.

Gasiketi ya hedi

Gasiketi imeneyi, chomatira chopyapyala cha pakati pa hedi ndi thupi la injini, ndi imene aliyense amaopa, ndipo imatha kukhala gwero la kutentha kapena zotsatira zake. Ikapsa, mpweya wa moto wa m'silinda umalowa m'madzi n'kuwakankhira kunja. Lizani injini yozizira chivundikiro chili chotsegula. Thovu likamatuluka mosalekeza, kapena madzi akamathovoka injini isanafunde n'komwe, ndi chizindikiro choipa. Chimodzimodzi paipi yapamwamba ikalimba gwa patangopita mphindi imodzi kapena ziwiri mutaliza injini. Zina ndi madzi kumatha popanda podontha, utsi woyera wambiri wonunkhira motsekemera umene sukutha injini itafunda, kunjenjemera m'mawa kwa kanthawi, sipaki pulagi imodzi yoyera mbee ngati yatsukidwa pamene anzake ali akuda, ndi oyilo wooneka ngati wasakanizidwa ndi mkaka. Oyilo woyera bwino sakutsimikizira kuti gasiketi ili bwino, chifukwa nthawi zambiri imabooka pakati pa silinda ndi njira ya madzi osakhudza oyilo. Kumbali inayi, kaphala kochepa kunsi kwa chivundikiro cha oyilo kamatha kungokhala chinyezi cha galimoto yoyenda maulendo afupiafupi.

Musalole kuti hedi itsegulidwe mongoganizira. Pali mankhwala abuluu amene amaikidwa m'kachubu pakamwa pa rediyeta. Mpweya wa moto ukakhalamo amasanduka achikasu pa injini ya petulo, kapena obiriwira pa ya dizilo. Pa dizilo yamakono aonenso choziziritsira cha EGR (njira yobwezera utsi wina mu injini), chifukwa chikabooka chimamwa madzi ndi kutulutsa utsi woyera mofanana ndi gasiketi. Mankhwala othira mu rediyeta omatira pobooka angakufikitseni kunyumba, koma amatsekanso timapaipi ta hita ndi ta rediyeta.

Zikatsimikizika, hedi iyezedwe ngati siinapindike kapena kung'aluka, ndipo isikimidwe ngati pakufunika kutero. Mabawuti a hedi pa injini zambiri amatanuka akamangidwa kamodzi, choncho amafunika atsopano, omangidwa motsatira ndondomeko ndi mphamvu imene buku likunena. Oyilo ndi fyuluta yake zisinthidwe. Galimoto isanatuluke m'galaja, funsani amakaniko akuonetseni chimene chinatenthetsa injini poyamba, kaya ndi fani, rediyeta kapena pampu, ndipo chikonzedwe tsiku lomwelo.